Kadyedwe ka pa yunivesite m'nthawi ya COVID-19: mafunso ndi mayankho

Holo yodyera ya pa yunivesite ndi malo omwe anthu mazanamazana amasonkhana katatu pa tsiku, kukhala mogundana mapewa, kuvula masiki, n'kumacheza mokweza mawu. Mliri wa COVID-19 utafika, chipinda chimenechi chidazunguza mitu ya akuluakulu a sukulu kuposa makalasi, chifukwa phunziro limatheka pa intaneti koma njala siyitheka pa intaneti. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe makolo, ophunzira ndi ogwira ntchito m'makhitchini amabwereza kufunsa akamakumbukira zaka zimenezo.

Kodi zinthu zidayamba kusintha liti?

Mu Marichi 2020, ndipo zidasintha mwadzidzidzi. Bungwe la WHO lidalengeza pa 11 Marichi kuti matendawa afalikira dziko lonse. Masiku ochepa izi zisanachitike, University of Washington ya ku Seattle ku America inali itasamutsira kale makalasi pa intaneti, ndipo pa 10 Marichi yunivesite ya Harvard idauza ophunzira ake kuti akhale atachoka m'mahositelo pofika pa 15. Ku Britain lamulo loti anthu akhale m'nyumba lidabwera pa 23 Marichi.

Koma makhitchini sadazimitse moto kotheratu. Pasukulu iliyonse padatsala kagulu ka anthu omwe adalibe kopita: ophunzira ochokera kunja omwe malire a mayiko awo adatsekedwa, ena omwe kwawo kudalibe intaneti, ndi ena omwe kwawo sikudali kwabwino kubwererako. Khitchini yozolowera kuphikira anthu masauzande idayenera kuphunzira kuphikira ochepa, pomwe mafuriji anali odzaza ndi katundu wogulidwira temu yonse. Sukulu zambiri zidapereka chakudya chosachedwa kuwonongeka ku mabungwe othandiza osowa m'malo mochisiya kuti chiwole.

Kodi kachiromboka kamafala kudzera m'chakudya?

Ayi, palibe umboni wotero. WHO ndi FAO, bungwe la UN loona za chakudya ndi ulimi, adanena zimenezi kale mu Epulo 2020 m'malangizo omwe adalembera ogulitsa zakudya. Kachirombo ka korona sikachulukana m'mbale ngati momwe mabakiteriya amachitira. Kamafuna thupi lamoyo, ndipo khomo lake lalikulu ndi mphuno ndi kukhosi. Munthu amakatenga popuma mpweya womwe wodwala watulutsa.

Mfundo imeneyi ndi yomwe imamasulira nkhani yonse ya patsamba lino. Choopsa m'holo yodyera sichidali mpunga kapena chipatso, chidali mnzako wokhala moyang'anizana nawe kwa mphindi 30 wopanda masiki, akuseka ndi kulankhula, m'chipinda chotseka mazenera. Zidatenga nthawi kuti izi zivomerezedwe poyera. Mu Epulo 2021 bungwe la CDC, loona za kupewa matenda ku America, lidanena kuti mwayi wotenga matendawa pogwira chinthu chomwe chili ndi kachiromboka nthawi zambiri sufika ngakhale kamodzi pa maulendo 10,000, ndipo chakumapeto kwa mwezi womwewo WHO idalemba momveka kuti timadontho ting'onoting'ono tokhalitsa mumpweya timafalitsa matendawa. Pofika nthawi imeneyo sukulu zinali zitatha miyezi yambiri zikupukuta matebulo ndi zitseko maola alionse. Ine ndimaona kuti ndalama ndi mphamvu zambiri zidathera pa kupukuta pomwe zikadathandiza kwambiri pa mpweya.

Nanga n'chifukwa chiyani kudzigawira wekha chakudya kudaletsedwa?

Poyamba ankaopa chipande chomwe aliyense amachigwira. Chifukwa chachiwiri, chomwe chidali champhamvu kuposa choyambacho, n'chakuti pamiphika ndi pomwe anthu amaunjikana, kuwerama, kusankhasankha ndi kuchedwa. Choncho wantchito wovala masiki ndi amene ankagawa, kapena chakudya chinkapakiridwa kale m'makontena kuti munthu angonyamula.

Kusinthaku kudabwera ndi zake. Mzere udayamba kuyenda pang'onopang'ono, chifukwa munthu mmodzi sangagawire khamu msanga ngati momwe khamulo limadzigawira. Pofuna kufulumizitsa, makhitchini adachepetsa mitundu ya zakudya, n'kusiya zophweka kupakira ndiponso zosafewa zikakhala m'kontena. Wodya kwambiri ankadandaula kuti sakukhuta, wodya pang'ono ankataya. Ndipo wophunzira amene thupi lake limadana ndi mtedza kapena mkaka sankathanso kuyang'ana mumphika n'kufunsa wophika. Ankadalira kapepala komatidwa pamwamba pa kontena, komwe kakalakwika kakhoza kumugonetsa m'chipatala.

Ndiye ophunzira ankadyera kuti?

Sukulu zitatsegulidwanso mu Ogasiti ndi Sepitembala 2020, mipando yambiri m'maholo inali itachotsedwa kapena kumatidwa zikwangwani. WHO inkalangiza kutalikirana mita imodzi kapena kuposerapo, pomwe ku America ankati mafiti 6, omwe ndi pafupifupi mamita awiri. Kusiyana kumeneku sikochepa: ukawirikiza kawiri mtunda wa pakati pa anthu, chiwerengero cha okwana m'chipindamo chimatsika pafupifupi kanayi. Pansi padajambulidwa mivi yosonyeza kolowera ndi kotulukira, nthawi ya chakudya idatalikitsidwa, ndipo m'malo ena munthu ankasungitsa nthawi yake pafoni asanapite. Panja adadzika matenti, zomwe zidathandiza mpaka nyengo yozizira itafika kumayiko a kumpoto.

Panali vuto lina lomwe malamulo sadaliwone msanga. Ukauza achinyamata kuti anyamule chakudya akadyere kwina, sapita aliyense payekha. Amakakumana asanu kapena asanu ndi mmodzi m'kachipinda ka hositelo, kutseka chitseko, n'kudyera pabedi limodzi. Holo yaikulu ya denga lalitali, yokhala ndi woyang'anira, nthawi zina inali yotetezeka kuposa komwe anthu adathawira. University of North Carolina ku Chapel Hill idabwerera ku makalasi a pa intaneti patangotha sabata imodzi itatsegula mu Ogasiti 2020, matenda atabuka m'malo ogona ophunzira. Sikuti chakudya ndicho chidachititsa, koma zidaonetsa kuti malamulo a m'kalasi ndi a m'holo satha kulondola wophunzira mpaka kuchipinda kwake.

Kodi omwe adabindikiritsidwa m'zipinda ankadya bwanji?

Apa ndi pomwe sukulu zidayesedwa zenizeni, ndipo zambiri zidapunthwa.

Taganizirani ntchitoyo. Khitchini ya pa yunivesite idamangidwa kuti anthu azibwera kwa iyo. Tsopano iyo ndiyo inkayenera kupita kwa anthu, chitseko ndi chitseko, m'nyumba zosanjikizana zomwazikana pasukulu yonse. Mndandanda wa obindikira unkasintha tsiku lililonse, nthawi zina ola lililonse: wina wapezeka ndi matenda masana, anzake onse a m'khonde atsekeredwa madzulo, wina wasamutsidwira kunyumba ina. Aliyense ali ndi zake: uyu sadya nyama, uyu amadya za halaal zokha, uyu ali ndi matenda a shuga, uyu tirigu amamudwalitsa. Masiku oyambirira munthu ankabindikira masiku 14. Ophika ankadziwa kuphika, koma analibe magalimoto, anthu onyamula, ngakhale njira yolandirira mayina msanga kuchokera kuchipatala cha sukulu, chomwenso chinkasamala chinsinsi cha odwala.

Mu Ogasiti 2020 ophunzira a New York University omwe ankabindikira atangofika mumzindawo adadzaza TikTok ndi mavidiyo a chakudya chofika mochedwa kwambiri, chosakwanira, ndiponso nyama yoperekedwa kwa anthu omwe adanena kale kuti sadya nyama. Sukuluyo idapepesa n'kusintha kachitidwe. Chakumapeto kwa Sepitembala chaka chomwecho, ophunzira pafupifupi 1,700 a Manchester Metropolitan University ku England adauzidwa mwadzidzidzi kuti asatuluke m'mahositelo awo. Ambiri mwa iwo ankadziphikira okha, ndipo analibe nthawi yokagula zinthu chitseko chisanatsekedwe.

Komwe zidayenda bwino kudali zinthu zingapo zofanana. M'chipinda chobindikiriramo munkaikidwiratu madzi akumwa, zakudya zouma ndi zakumwa zobwezeretsa mchere m'thupi, kuti usiku woyamba munthu asagone ndi njala podikira kuti dzina lake lilowe m'kaundula. Munkakhala kafuriji ndi chotenthetsera chakudya, motero wonyamula ankatha kubwera kamodzi pa tsiku ndi chakudya chotentha chimodzi pamodzi ndi zina zosungika. Wophunzira ankasankha yekha pa fomu ya pa intaneti, osati kungolandira chomwe chafika. Ndipo panali nambala ya foni yomwe munthu weniweni ankayankha.

Chinthu china chomwe sindifuna kuti chiiwalike: COVID-19 inkalanda anthu ambiri fungo ndi kukoma, makamaka m'chaka choyamba. Wachinyamata wodwala, wokhala yekha, amene chakudya chilichonse chikumveka ngati pepala, amangosiya kudya. Thumba lomwe lakhala pakhomo kuyambira dzulo osatengedwa linali chizindikiro choti wina agogode. Wonyamula chakudya nthawi zambiri anali munthu yekhayo amene wobindikira ankamva mapazi ake tsiku lonse.

Kodi chakudya chonyamula chinalibe zoopsa zake?

Chinali nazo, ndipo ndi zoopsa zakale zomwe sizikhudzana ndi korona. Mabakiteriya amachulukana msanga m'chakudya chophika chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60 a Celsius. WHO imalangiza kuti chakudya chophika chisakhale panja pa furiji kupitirira maola awiri, ndipo potenthetsanso chifike madigiri 70. Kontena lomwe lapakiridwa m'mawa, kuyenda pangolo, kudikira pakhomo, kenako kusungidwa pawindo mpaka usiku, ladutsa malire onsewa. N'chifukwa chake makhitchini osamala ankalemba nthawi yopakira pa kontena lililonse.

Kodi mafoni ndi maloboti zidathandizadi?

Kuitanitsa pafoni kudathandiza kwambiri, chifukwa kumachotsa mzere: umasankha uli kuchipinda, n'kupita pomwe uthenga wakuuza kuti chapsa. Njirayi idalipo kale m'sukulu zina, ndipo kampani ya Grubhub, yoitanitsira chakudya pafoni, idagula Tapingo, yomwe inkachita ntchito imeneyi m'mayunivesite, mu 2018. Mliri udangoifulumizitsa. Vuto lake n'lakuti kompyuta imalandira maoda mopanda malire pomwe chitofu chili ndi malire, choncho makhitchini adaphunzira kuika chiwerengero cha maoda omwe angalowe pa mphindi zingapo zilizonse.

Timaloboti ta matayala sikisi ta kampani ya Starship tidayamba kunyamula chakudya pa George Mason University mu Januwale 2019, ndipo m'nthawi ya mliri tidafika m'sukulu zambiri. Timasangalatsa kuona, koma sitikwera masitepe, ndipo kadyetsedwe ka anthu obindikira kadatsalabe m'manja ndi m'miyendo ya anthu.

Kodi ndalama ya chakudya yomwe makolo adalipiriratu idabwezedwa?

M'sukulu zambiri za ku America, komwe wophunzira wogonera pasukulu amalipiriratu chakudya cha temu yonse, gawo la masabata otsala lidabwezedwa kapena kusungidwira temu yotsatira. Komwe sukulu zidazengereza, ophunzira ena adapita kukhoti. Mkangano udakula kwambiri chaka chotsatira: malipiro adakhala omwewo, pomwe mitundu ya zakudya idachepa, maholo ena adatsekedwa, ndipo ufulu wobwereza mbale udatha. Sukulu zinkayankha kuti makontena, masiki, sanitaiza ndi antchito ogawa zidakweza mtengo wa mbale iliyonse. Mbali zonse ziwiri zinkanena zoona.

Nanga ophunzira osauka zidawathera bwanji?

Njala pakati pa ophunzira sidayambe ndi mliri. Bungwe la Swipe Out Hunger lidayambira pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles mu 2010, pomwe ophunzira ankapereka zakudya zotsala pa makhadi awo kwa anzawo osowa. Mliri udawonjezera vutoli m'njira ziwiri. Choyamba, kwa ena holo yodyera inali malo okhawo omwe ankapezako chakudya chokwanira tsiku ndi tsiku. Chachiwiri, ambiri mwa ophunzira omwewo ankagwira ganyu m'khitchini momwemo, kutsuka mbale kapena kugawa, ndipo holo itatsekedwa adataya chakudya ndi malipiro tsiku limodzi.

Nkhokwe za chakudya chaulere za pasukulu zidasintha kagwiridwe: m'malo molowa kukasankha, munthu ankalembetsa pa intaneti n'kukatenga thumba pakhomo. Chodabwitsa n'chakuti ena omwe kale ankachita manyazi kuonekera pamalo amenewa adayamba kubwera, popeza tsopano aliyense ankayenda ndi thumba ndipo palibe ankadziwa kuti lachokera kuti. Ku America lamulo la CARES la Marichi 2020 lidapereka pafupifupi madola 14 biliyoni ku sukulu za ukachenjede, ndipo pafupifupi theka lake linali loti lipite kwa ophunzira ngati thandizo ladzidzidzi, kuphatikizapo la chakudya. Ophunzira ochokera kunja, omwe anali m'gulu la otsala m'mahositelo, sadawerengeredwe pa thandizo loyambalo.

Kodi ogwira ntchito m'khitchini zidawakhudza motani?

Funso ili limafunsidwa mochepa kuposa momwe liyenera. Mphunzitsi ankaphunzitsa ali kunyumba, mlembi ankalemba ali kunyumba, koma wophika ndi wotsuka mbale analibe mwayi umenewo. Khitchini ndi malo opanikiza, otentha, a phokoso la makina lomwe limakakamiza anthu kukuwa pafupi ndi khutu la mnzawo. Kuvala masiki kwa maola asanu ndi atatu pafupi ndi nthunzi si chinthu chopepuka.

M'sukulu zambiri antchitowa salembedwa ndi yunivesite koma ndi makampani a kontrakiti monga Sodexo, Aramark ndi Compass Group. Ophunzira atachoka mu Marichi 2020, ambiri adaimitsidwa ntchito, ndipo m'malo ena ophunzira ndi mabungwe a antchito adachita kukakamiza sukulu kuti zipitirize kuwalipira. Atabwerera, makhitchini ena adawagawa m'magulu osakumana, kuti mmodzi akadwala gulu lake lokha libindikire, linalo lipitirize kuphika. Njira imeneyi inkagwira ntchito pokhapokha wodwala akamalipidwa masiku omwe wakhala kunyumba. Munthu amene akudziwa kuti kujomba kumuchotsera ndalama ya lendi amabisa chifuwa n'kubwera kuntchito, ndipo palibe choyezera kutentha kwa thupi pakhomo chomwe chingamugwire nthawi zonse.

Mu 2021 zinthu zidatembenuka: ophunzira adabwerera onse koma antchito ambiri anali atapeza zochita zina. Mu Okutobala chaka chimenecho Michigan State University idafika popempha aphunzitsi ndi antchito a m'maofesi kuti adzipereke kukathandiza m'maholo odyera.

Zinyalala za pulasitiki zija zinali zofunikadi?

Mbali yaikulu sizinali zofunika. Sukulu zomwe zidatha zaka zikuchotsa makapu ndi mafoloko otaya zidabwerera kwa izo m'sabata imodzi, ndipo migolo ya zinyalala m'mahositelo inkasefukira. Komatu sopo ndi madzi otentha zimawononga kachiromboka mosavuta, ndipo makina otsukira mbale a m'makhitchini akuluakulu amatsukuluza ndi madzi ofika pafupifupi madigiri 82. Mu Juni 2020 akatswiri a zaumoyo oposa 100 adasaina chikalata chonena kuti ziwiya zotsukidwa bwino n'zosaopsa. Chifukwa chenicheni chogwiritsira ntchito zotaya chinali chakuti chakudya chinkatuluka m'holo ndipo mbale sizinkabwerera. Sukulu zina zidathetsa zimenezi ndi makontena olimba obwereketsa: watenga lodzaza, wabweza lakuda, khitchini yatsuka.

Nanga magalasi otchinga pamatebulo?

Pakauntala, pomwe wogawa amayang'anizana ndi anthu mazana, chotchinga chimagwira madontho akuluakulu a malovu. Pamatebulo phindu lake linali lochepa, chifukwa timadontho tating'ono timayenda ngati utsi, timazungulira galasi. Akatswiri a kayendedwe ka mpweya adachenjezanso kuti zotchinga zikachuluka zimatsekereza mpweya wabwino kufika pomwe anthu akhala. Zomwe zinkathandiza kwambiri sizinkaoneka ndi maso: kutsegula mazenera ndi zitseko, kuwonjezera mpweya wakunja wolowa m'makina, zosefera mpweya zotchedwa HEPA, ndi kachipangizo koyeza mpweya woipa womwe anthu amatulutsa. Panja kachipangizoka kamawerenga pafupifupi 420. M'chipinda kakapitirira 1,000 ndiye kuti anthu akupuma mpweya wa anzawo wambiri ndipo pakufunika kutsegula kapena kuchepetsa khamu.

Kodi kudya pawekha kudavulaza ophunzira?

Kudavulaza, makamaka a chaka choyamba. Patebulo ndi pomwe mlendo amapeza mnzake woyamba, pomwe amamva kuti si iye yekha amene phunziro lamukanika, pomwe wina amazindikira kuti uje sadaoneke masiku atatu. Omwe adayamba sukulu mu 2020 ambiri adadya miyezi yawo yoyamba akuyang'ana khoma kapena foni. Sukulu zina zidalola anthu ogona nyumba imodzi kudyera pamodzi ngati banja, popeza ankapumirana kale mpweya, ndipo ndikuganiza kuti lingaliro limeneli linali lanzeru kuposa lamulo loti aliyense akhale payekha, lomwe achinyamata sakadalisunga.

Zidabwerera mwakale liti, ndipo n'chiyani chidatsala?

Katemera adayamba kuperekedwa mu Disembala 2020, ndipo pofika kumapeto kwa 2021 maholo ambiri anali atabwezera mipando. Mtundu wa Omicron, womwe asayansi a ku South Africa adaulengeza mu Novembala 2021, udachititsa sukulu zingapo kubwerera ku chakudya chonyamula kwa masabata ochepa mu Januwale 2022. WHO idalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti COVID-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse.

Kudzigawira kudabwerera, mivi ya pansi idafufutika, matenti adapasulidwa. Kuitanitsa pafoni kudatsala, pamodzi ndi mwayi wonyamula chakudya, mabotolo a sanitaiza pakhomo ndi mipando ya panja. M'sukulu zina mudatsalanso dongosolo loti wophunzira wodwala chimfine kapena m'mimba atumize mnzake kukamutengera chakudya ndi khadi lake, chinthu chomwe kale malamulo ankaletsa.

Ngati mwana wanga akupita ku yunivesite tsopano, ndifunse chiyani za kadyedwe?

Funsani kuti akadwala n'kulephera kutuluka m'chipinda, chakudya chimufika bwanji, ndipo ndani amayankha foni Loweruka usiku. Funsani ngati sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi ndalama ya chakudya imabwezedwa, ndipo muone kuti yankholo lalembedwa m'pangano lomwe mukusaina. Ngati mwanayo ali ndi zakudya zomwe thupi lake limakana, mufunse ngati zimalembedwa pa makontena onyamula, osati pamiphika pokha. Ndipo mukapita kukaona sukuluyo, lowani m'holo nthawi ya nkhomaliro pomwe yadzaza, muyang'ane ngati mazenera ake amatseguka.